John Backus

John Warner Backus (3 Disembala 1924 – 17 Malichi 2007) adali katswiri wa masamu ndi makompyuta wa ku America. Amadziwika kwambiri chifukwa chotsogolera gulu la kampani ya IBM lomwe lidapanga Fortran, chiyankhulo choyamba cholembera mapulogalamu chomwe anthu ambiri adachilandira. Chomwe chidapangitsa kuti Fortran ilandiridwe ndi liwiro. Pulogalamu yomasulira yomwe gululi lidalemba inkatulutsa malangizo othamanga pafupifupi mofanana ndi omwe katswiri akadalemba yekha ndi manja, ndipo pa nthawiyo ambiri ankakhulupirira kuti zimenezi nzosatheka. Njira zingapo zomwe gululi lidatulukira zikugwirabe ntchito yofulumizitsa mapulogalamu mpaka lero. Backus adathandizanso kupanga njira yolembera malamulo a ziyankhulo za kompyuta yotchedwa Backus–Naur Form, ndipo mu 1977 adalandira mphoto ya Turing.

Ubwana ndi maphunziro

Backus adabadwira mumzinda wa Philadelphia koma adakulira ku Wilmington, ku Delaware. Banja lawo lidali lopeza bwino. Bambo ake ankachita malonda a masheya. Ngakhale zidali choncho, sukulu sinkamuyendera. Ku The Hill School, sukulu yogonera komweko ya ku Pottstown, ankalephera maphunziro kawirikawiri. Adamaliza mu 1942 n'kupita ku University of Virginia kukaphunzira chemistry, koma chifukwa chojomba adachotsedwa chaka chisanathe.

Mu 1943 adalowa usilikali, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Atakhoza bwino mayeso oyesa nzeru, akuluakulu a asilikali adamutumiza kukaphunzira uinjiniya ku University of Pittsburgh, kenako maphunziro okonzekera udokotala ku Haverford College. Akugwira ntchito pachipatala china ku Atlantic City, madokotala adamupeza ndi chotupa m'fupa la mutu. Adachichotsa n'kuikapo kachitsulo. Sukulu ya udokotala ku New York adaisiya patangotha miyezi 9, chifukwa ankaona kuti kudali kuloweza kokhakokha. Kachitsulo kaja nako sikadamukhale bwino, moti kachiwiri komwe adamuika adachita kujambula yekha kapangidwe kake. Adatuluka usilikali mu 1946.

Masamu adawakonda mochedwa, ali pasukulu yophunzitsa kukonza mawailesi ku New York. Kuchokera apo adalowa ku Columbia University, komwe adatenga digiri yoyamba ya masamu mu 1949 ndi yachiwiri mu 1950.

Kulowa ku IBM

Likulu la IBM pamsewu wa Madison Avenue ku New York lidali ndi makina aakulu owerengera otchedwa SSEC, omwe anthu odutsa ankatha kuwaona pawindo. Backus adapita kukawaona ngati mlendo wamba. Atatchula kuti akuphunzira masamu ndipo akufuna ntchito, adamutengera kwa Rex Seeber, mmodzi mwa omwe adapanga makinawo, yemwe adamufunsa mafunso angapo a masamu n'kumulemba ntchito. Adayamba mu 1950, ndipo ntchito yake yaikulu yoyamba idali pulogalamu yowerengera malo omwe mwezi udzakhale kumwamba pa nthawi zosiyanasiyana.

Vuto la nthawiyo

Kuti munthu amvetse zomwe Backus adachita, ayenera kudziwa mmene mapulogalamu ankalembedwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Kompyuta simva mawu a anthu. Imamva manambala okha, ndipo langizo lililonse limachita kanthu kakang'ono kwambiri: kutenga nambala pamalo akuti, kuiphatikiza ndi ina, kuibwezera pamalo akuti. Wolemba pulogalamu ankayenera kulemba malangizo oterewa limodzilimodzi, zikwi zambiri, n'kuwaboola pamakadi. Ankayeneranso kudziwa makhalidwe onse a makina ake. Anthu omwe ankatha ntchitoyi adali ochepa, ndipo ankanyadira luso lawo lopulumutsa nthawi ya makina ndi malo a mumemori.

Ntchito yotereyi inkadya ndalama. Backus adawerengera kuti malipiro a olemba mapulogalamu pamalo amodzi ankafanana kapena kuposa mtengo wa kompyuta yomwe, ndiponso kuti pakati pa kota ndi theka la nthawi ya makinawo inkathera pa kusaka zolakwika m'mapulogalamu.

Anthu ena adali atayesa kale kupepukitsa ntchitoyi. Grace Hopper adali atalemba A-0 ya makina a UNIVAC mu 1952, ndipo ku MIT, Laning ndi Zierler adapanga njira yolembera masamu mwachindunji pa kompyuta ya Whirlwind. Backus mwiniwake adapanga Speedcoding mu 1953 ya makina a IBM 701. Dzinali likhoza kusocheretsa munthu, chifukwa chomwe chinkafulumira ndi kulemba, osati kuthamanga kwa pulogalamu. Speedcoding inkamasulira langizo lililonse pulogalamu ili mkati mogwira ntchito, ndipo pulogalamu yolembedwa motere inkatenga nthawi yochuluka ka 10 mpaka ka 20 poyerekeza ndi yolembedwa ndi manja.

Anthu ankapirira kuchedwaku pa chifukwa chimodzi. Makina a 701 sankatha pawokha masamu a manambala okhala ndi kadontho koyenda, omwe amatchedwa floating point ndipo asayansi amawafuna tsiku ndi tsiku. Masamu amenewa ankachitika kudzera m'timapulogalamu tochedwa kwambiri, choncho kuchedwa kwa womasulira kunkabisala kuseri kwa kuchedwa kwina kokulirapo. Koma makina atsopano a IBM 704, omwe adalengezedwa mu 1954, adabwera ndi floating point yomangidwira m'makina momwemo, ndipo ankatha kuphatikiza manambala oterewa pafupifupi 12,000 pa sekondi. Pobisala padatha. Nthawi iliyonse yomwe womasulira akadawononga ikadaonekera poyera.

Chakumapeto kwa 1953 Backus adalembera kalata bwana wake, Cuthbert Hurd, kupempha chilolezo chopanga njira yabwinoko yolembera mapulogalamu a 704. Adaloledwa, ndipo adayamba kusonkhanitsa anthu.

Fortran ndi nkhondo ya liwiro

Dzina lakuti Fortran lidafupikitsidwa kuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kumasulira mafomula. Cholinga chidali chakuti injiniya kapena wasayansi alembe masamu ake pafupifupi mmene amawalembera papepala, kenako pulogalamu yomasulira, yomwe imatchedwa compiler, iwasandutse kamodzi kokha kukhala malangizo a makina. Lipoti loyamba lofotokoza chiyankhulochi lidatuluka pa 10 Novembala 1954.

Chiyankhulo chenichenicho sichidawatengere nthawi yaitali, ndipo chidali chaching'ono, cha mitundu 32 yokha ya ziganizo. Mutu wonse udali pa compiler. Backus ankakhulupirira kuti ngati pulogalamu yotuluka mu compiler ingathamange theka chabe la liwiro la yolembedwa ndi manja, anthu adzaikana Fortran yonse. Makina adali okwera mtengo kwambiri moti palibe bungwe lomwe likadalola kutaya theka la nthawi yawo pofuna kupepukitsa ntchito ya wolemba. Akatswiri ambiri ankakayikira, ndipo adali ndi chifukwa, poti malonjezo ngati amenewa adali atawamvapo kale.

Gululi lidali la anthu pafupifupi 10, ambiri achinyamata. Mudali Irving Ziller, Harlan Herrick, Robert Nelson, Peter Sheridan, David Sayre, Richard Goldberg ndi Lois Haibt, komanso Roy Nutt yemwe adabwerekedwa ku kampani ya United Aircraft ndi Sheldon Best wochokera ku MIT. Compiler adaigawa m'zigawo 6, ndipo zigawo zitatu mwa izo ntchito yake yaikulu idali kufulumizitsa pulogalamu.

Choyamba chidali cha magawo obwerezabwereza, otchedwa loop. M'mapulogalamu a masamu, nthawi yochuluka imathera m'mizere yochepa yomwe imabwerezedwa kambirimbiri, choncho kachinthu kakang'ono kopulumutsidwa mkati mwa loop kamakula kwambiri. Chitsanzo chake n'chonga cha wogula soya pamsika wa Mitundu yemwe walandira matumba 500 olemera makilogalamu 50 lililonse, mtengo wa kilogalamu uli umodzimodzi. Akhoza kuchulukitsa 50 ndi mtengowo pa thumba lililonse, ka 500. Akhozanso kupeza mtengo wa thumba limodzi kamodzi kokha, n'kumangouwonjezera pa zomwe wapeza kale thumba likadutsa. Yankho ndi limodzi, koma ntchito njosiyana kutali. Nelson ndi Ziller adalemba gawo lomwe linkachita zoterezi lokha pofufuza malo a manambala m'matebulo a mumemori: chomwe sichisintha linkachitulutsa kunja kwa loop, ndipo m'malo mochulukitsa linkaikapo kuphatikiza. Pa makina a 704 kuchulukitsa kunkatenga nthawi yochuluka pafupifupi ka 10 kuposa kuphatikiza. Gawoli linkasanduliza pulogalamu kwambiri moti nthawi zina eni ake omwe, akayang'ana malangizo otulukawo, ankayamba aganiza kuti alakwika, n'kudzazindikira pambuyo pofufuza kuti ngolondola ndipo ngochenjera kuposa omwe iwo akadalemba.

Vuto lachiwiri lidali la timalo tofulumira kwambiri ta mkati mwa makina totchedwa index register, tomwe timasunga manambala olozera malo a mumemori. Makina a 704 adali nato titatu tokha, pomwe pulogalamu imodzi inkatha kufuna manambala oterewa ambiri. Zili ngati mwini golosale yemwe pakauntala pake pamakwana katundu wamitundu itatu yokha, wina yense ali kuchipinda chakumbuyo. Akasankha molakwika zoika pakauntala, tsiku lonse lithera kuyenda uku ndi uku. Kuti asankhe bwino ayenera kudziwa zomwe makasitomala amafunsa kawirikawiri.

Apa ndi pomwe padagona ntchito ya Lois Haibt, mkazi yekhayo m'gululi, yemwe adalowa ku IBM mu 1955 atangomaliza ku Vassar College. Gawo lake linkadula pulogalamu m'tizidutswa tomwe timayenda molunjika popanda mphambano, kenako n'kuyerekeza kuti kachidutswa kalikonse kadzayendedwa kangati. Pofuna kudziwa zimenezi, compiler inkayeseza kuyendetsa pulogalamuyo kambiri, n'kumasankha njira pa mphambano iliyonse ndi manambala a mwayi, ngati kuponya ndalama m'mwamba. Wolemba ankatha kuithandiza ndi chiganizo chotchedwa FREQUENCY, chouza compiler njira yomwe akuganiza kuti idzayendedwa kwambiri. Chiganizochi chidadzachotsedwa mu Fortran ya m'tsogolo, koma nzeru yoyeza kaye komwe pulogalamu imataya nthawi munthu asanayambe kuikonza idakhalabe.

Akadziwa tizidutswa totanganidwa kwambiri, gawo la Sheldon Best linkagawa ma register atatu aja, kuyambira pa tizidutswa timeneti. Pakafunika malo, linkachotsa nambala yomwe idzafunike mochedwa kuposa zinzake. Gawoli lidali lovuta kuposa onse. Best atabwerera ku MIT, Sayre ndi Goldberg ndiwo adalitenga n'kulimaliza.

Ntchitoyi idachedwa kwambiri. Akafunsidwa kuti idzatha liti, yankho linkakhala lakuti pakatha miyezi 6, ndipo yankholi lidabwerezedwa kwa zaka zoposa ziwiri. Nthawi yoyesera pa makina inkapezeka usiku, choncho ena ankagona masana m'zipinda zomwe adachita lendi pahotela ina yapafupi. Buku lophunzitsa chiyankhulochi lidatuluka mu Okutobala 1956, compiler isanathe. Compiler idayamba kutumizidwa kwa makasitomala mu Epulo 1957. Idali ndi malangizo oposa 20,000, ndipo ntchito yonse pamodzi idali yofanana ndi zaka 18 za munthu mmodzi.

Kulandiridwa kwake

Ena mwa oyamba kuiyesa adali a ku Westinghouse Bettis, malo ofufuzira za nyukiliya pafupi ndi Pittsburgh. Herbert Bright ndi anzake adalandira mulu wa makadi wopanda chizindikiro chilichonse, adangoganiza kuti ndi compiler yomwe ankaiyembekezera, n'kuiika m'makina. Pulogalamu yawo yoyamba idakanidwa ndi uthenga wofotokoza kuti pachiganizo china pakusowa koma. Atakonza, idayenda n'kutulutsa mayankho olondola.

Miyezi yoyamba compiler idali ndi zolakwika zambiri, ndipo gululi lidatanganidwa kuzikonza. Koma pa nkhani ya liwiro lonjezo lidakwaniritsidwa. Kafukufuku wa mu 1958 pa malo 26 okhala ndi makina a 704 adapeza kuti malo oposa theka ankagwiritsa ntchito Fortran pa ntchito zawo zoposa theka. M'chaka chomwecho mudatuluka Fortran II, yomwe inkalola kumasulira zigawo za pulogalamu pazokhapazokha, kuti munthu akakonza malo amodzi asamayambirenso kumasulira yonse. Makampani ena adayamba kulemba ma compiler a Fortran a makina awo, ndipo mu 1966 chiyankhulochi chidakhala ndi muyezo wovomerezeka ku America. Zimenezi zidatanthauza kuti pulogalamu yolembedwera makina amodzi inkatha kusamutsidwira pa makina ena popanda kuilembanso kuyambira pachiyambi.

Mmodzi mwa omwe adaphunzira zambiri pa compiler imeneyi ndi Frances Allen. Adalowa ku IBM mu 1957, ndipo ntchito yake yoyamba idali kuphunzitsa Fortran asayansi a kampaniyo, omwe ambiri sankaifuna. Pambuyo pake iye ndi John Cocke adasandutsa kufulumizitsa mapulogalamu kudzera mu compiler kukhala phunziro lokhala ndi malamulo ake. Allen adakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya Turing, ya chaka cha 2006.

ALGOL ndi BNF

Backus sadakhalitse pa Fortran. Adalowa m'komiti ya akatswiri a ku America ndi ku Ulaya yomwe inkapanga chiyankhulo cha ALGOL. Mu 1959, pamsonkhano wa UNESCO ku Paris, adapereka njira yolembera galamala ya chiyankhulo cha kompyuta mosasiya mpata wa matanthauzo awiri. Peter Naur wa ku Denmark adaikonza pang'ono n'kuigwiritsa ntchito mu lipoti la ALGOL 60. Dzina lakuti Backus–Naur Form adalipereka ndi Donald Knuth mu 1964. Mpaka pano ziyankhulo zambiri zimafotokozedwa ndi njira imeneyi kapena zina zochokera kwa iyo.

Kudzudzula ntchito yake yomwe

Mu 1963 IBM idamupatsa udindo wa IBM Fellow, womwe unkamulola kufufuza chilichonse chomwe wafuna, ndipo zaka zambiri zotsatira adagwira ntchito ku California. Chodabwitsa n'chakuti polandira mphoto ya Turing mu 1977 sadayankhule zotamanda Fortran. Nkhani yake, yomwe idasindikizidwa mu 1978, idadzudzula ziyankhulo zonse za mtundu umenewo, Fortran yomwe.

Mfundo yake idali yakuti makompyuta ambiri amatsata kapangidwe komwe kamadziwika ndi dzina la John von Neumann: mbali imodzi kuli gawo lowerengera, mbali ina kuli memori, ndipo pakati pali kanjira komwe manambala amadutsa imodziimodzi. Kanjira aka n'konga mlatho wopapatiza womwe galimoto zimawoloka imodzi pa nthawi. Ngakhale misewu ya mbali zonse ikule bwanji, liwiro la ulendo limalamulidwa ndi mlathowo. Backus adalipatsa vutoli dzina lakuti von Neumann bottleneck, ndipo dzinali lidakhazikika. Adaonjezera kuti kupapatizaku kudalowanso m'maganizo a olemba mapulogalamu, omwe adazolowera kuganiza za nambala imodzi pa nthawi m'malo moganiza za ntchito yonse.

Mankhwala omwe adapereka adali chiyankhulo cha FP, momwe pulogalamu imamangidwa polumikiza timapulogalamu ting'onoting'ono popanda kumasinthasintha zomwe zili mumemori. M'zaka za m'ma 1980 iye ndi anzake ku IBM adapanga china chotsatira chotchedwa FL. Ziyankhulo ziwirizi sizidafale, ndipo pa mbali imeneyi Backus sadapambane monga adachitira ndi Fortran. Komabe nkhani yake idakopa ofufuza ambiri kuti aike mtima pa kalembedwe kotchedwa functional programming. Vuto lomwe adalitchula nalo lidakula m'malo mochepa, chifukwa m'zaka zotsatira liwiro la gawo lowerengera lidakwera mofulumira kuposa la memori. N'chifukwa chake makompyuta ndi mafoni a masiku ano ali ndi memori yaing'ono yofulumira yotchedwa cache pafupi ndi purosesa, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yofulumizitsa pulogalamu imakhala kuchepetsa maulendo opita ku memori yaikulu.

Fortran masiku ano

Fortran yakonzedwa kangapo, ndipo mitundu yake yodziwika ndi monga Fortran 77, Fortran 90 ndi Fortran 2018. Sigwiritsidwa ntchito polemba mapulogalamu a pafoni kapena masamba a pa intaneti, koma ikadali yamphamvu pomwe pamafunika masamu ochuluka pa nthawi yochepa. Mapulogalamu akuluakulu olosera zanyengo, monga a bungwe la ECMWF ku Ulaya ndi a Met Office ku Britain, mbali yawo yaikulu idalembedwa mu Fortran. Pa ntchito imeneyi liwiro ndiye chilichonse, chifukwa ulosi wa mvula ya mawa ukatuluka mkuja ulibenso phindu kwa mlimi wa ku Nathenje yemwe akufuna kudziwa ngati adzale kapena adikire. Nayenso wophunzira wa ku Bunda yemwe akusanthula zotsatira za kafukufuku wa mbewu ndi pulogalamu ya R amagwiritsa ntchito Fortran mosadziwa, poti masamu ena a mkati mwa R amachitidwa ndi LAPACK, yomwe idalembedwa m'chiyankhulochi.

Mphoto, banja ndi imfa

Kupatula mphoto ya Turing, Backus adalandira W. Wallace McDowell Award mu 1967, National Medal of Science ya 1975 ndi Charles Stark Draper Prize ya 1993. Adapuma pa ntchito ku IBM mu 1991, atagwirako zaka zoposa 40.

Adakwatira kawiri, ndipo adali ndi ana aakazi awiri a m'banja loyamba. Mkazi wake wachiwiri atamwalira mu 2004, adasamukira ku Ashland, ku Oregon, kufupi ndi mmodzi mwa ana akewo. Adamwalira kumeneko pa 17 Malichi 2007 ali ndi zaka 82. M'chaka chomwecho kamwala kena koyenda mumlengalenga kadapatsidwa dzina lakuti 6830 Johnbackus.